Kamchira ka Vendelbo

Aase Thygesen anauma pakamwa kuchonderera kuti gulu loimba la m'tauni yawo ku Jutland liimbeko simfoni, nyimbo yaitali ya zoimbira zokhazokha, ya Laurits Vendelbo. Mkuluyu anali wa pomwepo, anafa kalekale, ndipo nyimbo yake inkangotuwa ndi fumbi m'kabati ya kutchalitchi. Akomiti anavomera monyinyirika: kamodzi kokha, anthu akapanda kuikonda ibwerere m'kabati.

Aase ankaimba chitoliro, ndipo nyimboyo ankaimvetsa. M'chigawo choyamba chitoliro chimayamba kanyimbo kofatsa, malipenga n'kukadula pakamwa. Chachiwiri ndi chachitatu, chimodzimodzi. Kumapeto gulu lonse limabangula, ng'oma n'kugunda ngati zatha, kenako zii. M'kachetechetemo chitoliro chokha chimamaliza kanyimbo kaja.

"Alamu, nyimbo yonseyi ndi munthu amene akudikira kuti aphokoso atope, anene zake," anauza Preben, mwamuna wa mng'ono wake, yemwe ankatsogolera gululo ndi kandodo m'manja. "Pakachetechete paja musatsitse ndodo. Mukatsitsa, anthu aomba m'manja."

"Ndamva, alamu, ndamva," anatero Preben, keke ili m'kamwa. "Inu ndi malemu anuwo! Bwanji osangokwatiwa nawo?"

Tsikulo holo inadzaza, ngakhale ambiri anatsata khofi ndi keke basi. Koma nyimbo inawagwira mtima, mpaka wogulitsa nsomba wachifuwa chosatha analeka kutsokomola. Malipenga atabangula komaliza, Aase anakoka mpweya, chitoliro chili pamlomo.

Kunena chilungamo, Preben ndodo sanatsitse. Anali a meya amene anayamba kuomba m'manja, holo yonse n'kuimirira. Preben, amene chibadwire anthu anali asanamuimirirepo, anamuyang'ana Aase pang'ono chabe. Kenako anatembenukira kwa anthuwo n'kuwerama, kumwetulira mpaka m'makutu.

Pomwa khofi, wapampando wa komiti anamugwira Aase manja onse awiri.

"Mwatitsegula maso, mayi Thygesen! Tiziimba chaka chilichonse. Mathero amphamvu ngati amene aja!"

"Mwawina, alamu," anatero Preben, maso ali pa kapu. "Anthu aikonda choncho. Kamchira kanu ka chitoliro kaja tingokachotsa, kangawasokoneze."

Aase anakwiya, koma phokoso la masipuni ndi kuseka linali lalikulu, ndipo palibe amene ankadikira yankho lake. Anatsekera chitoliro m'bokosi n'kuvala jasi. Ndi iye yemwe anaitulutsa nyimboyo m'kabati, koma m'kabatimo ndi momwe inali yathunthu.