Chilumba cha Esime

Esime ankaswa mtedza kuseri kwa nyumba pamene njinga yamoto inaima pabwalo. Anasuzumira pakona. Anali Doris, mnzake wogwira naye ntchito ku chipatala, atanyamula bokosi la katemera wa ana.

Esime sankayenera kuoneka ku Kanduku. Loweruka lapitalo, pa ukwati wawo ku boma, mwamuna wake Laston analanda maikolofoni n'kulengeza kuti mkwatibwi akupita naye ku Thailand, pa chilumba cha Samui. Nthungululu zinalira. Chilumbacho Laston anangochiona pa kalendala mu ofesi yawo yotulutsa katundu pa malire, ndipo ngakhale pasipoti analibe. Lolemba m'mamawa awiriwo anazemba, n'kukabisala ku Kanduku kwa azakhali a Laston, a Taziona.

Tsiku loyamba Esime sanamuyankhule Laston. Lachiwiri anayamba kuwerenga za chilumbacho pa foni, ndipo chinamulowa mumtima: mchenga woyera, mapiri a nkhalango pakati pake, mathithi, anyani ophunzitsidwa kukwera mitengo kukathyola kokonati. Zonsezi ankalembera anzake a kuntchito ngati waziona ndi maso. Nthawi zina polemba ankatseka maso, n'kumva mafunde pamene mbuzi zikulira.

Ataona Doris, Esime anathamangira kuchipinda. Anapeza Laston ataima kale kuseri kwa chitseko.

"Musapume," Laston ananong'ona.

Panja Doris anali atakhala pamphasa. A Taziona anabwera ndi kamdzukulu kawo kumsana.

"Koma nkhope iyi ndikuidziwa," anatero Doris. "Si inu azakhali a Laston? Munavina pa ukwati mpaka duku kugwa."

"Ndine amene, mwanangu."

"Ana anu akudya bwino kunjako. Dzulo Esime akuti nyani wamuthyolera kokonati. Ife anyani athu kuno amangodziwa kuba chimanga. Akuimbiraniko?"

A Taziona anali mayi wa mvano, ndipo kuyambira Lolemba ankanena kuti malo ogona apereka, koma bodza sanenera munthu. Esime ankawaona pa kampata ka chitseko akumasula mwana pang'onopang'ono, maso ali pansi.

"Sanaimbe? Umenewu ndi mwano," anatero Doris. "Dikirani ndiwaimbire pa WhatsApp, muwakalipire nokha."

Esime anayang'ana pazenera. Foni yake inali pomwepo, malo okhawo amene netiweki inkagwira m'nyumba monse. Laston anatambasula dzanja, koma anachedwa. Foniyo inalira nyimbo yake ya kwaya imene aliyense ku chipatala ankaidziwa.

Nyimbo inapitirira mpaka inatha yokha.

"Tinene kuti munaiiwala kuno," Laston ananong'ona. "Ndani angatsutse?"

"Ndiye azakhali avomereze zimenezo?"

Esime anatsegula chitseko. Anatuluka ali wosavala nsapato, makoko a mtedza atakakamira pa chitenje. Doris anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndege zake zikufulumira masiku ano," anatero.

Esime anayesa kuseka, koma milomo inakana.

"Doris, ndikufotokozera."

"Ukudziwa kuti midzi ino ndi yako pa ntchito ya katemerayi?" Mawu a Doris anali otsika tsopano. "Ndinawauza abwana kuti ndiyendamo ine, mnzanga akaone nyanja. Lero ndi tsiku lachitatu. Mwana wanga ndamusiya kwa aneba ali ndi chifuwa. Madzulo ndimamuwerengera za anyani akowo."

Esime anayang'ana nsapato za Doris, zofiira ndi fumbi, imodzi itang'ambika pachala. Anasowa poika maso.

Doris anadonthezera mdzukulu wa a Taziona katemera mkamwa, namupaka inki pa kachala. Anatseka bokosi.

"Ine sindikauza munthu," anatero. "Nkhani ndi yako."

"Kwatsala nyumba zingati?"

"Makumi atatu. Kutsidya kwa dambo."

Esime analowa m'nyumba, navala nsapato. Laston anamugwira mkono.

"Mukupita kuti? Kutsidyako kuli anthu amene anali pa ukwati. Pofika mawa boma lonse likhala litamva."

"Limve," anatero Esime. "Inu mukhoza kutsala ku Thailand."

Anatuluka, natenga bokosi m'manja mwa Doris, n'kukolowetsa lamba paphewa. Linali lolemera kuposa mmene ankalikumbukira. Doris analiza njinga, kenako anasendera kutsogolo pang'ono kuti mnzakeyo apeze pokhala.