Wotchi ya Pamwamba pa Wailesi

"Musamaiike pa wailesi," anatero a Mahmudu, okonza mawotchi mumsika wa Balaka. "M'sipika muli maginito. Ikangowakoka imayamba kuthamanga ngati yaba."

Amuna anga a Brighton anangoseka. Ine ndinamva, koma ndinali kalikiliki kutonthoza mwana wathu Sabina kumsana.

Tinkafuna wotchi yosalira batire, yongopukusa ndi zala, poti kwathu ku Utale foni imatha masiku atatu ili chizimire. A Mahmudu anayala mawotchi atatu pakansalu. Yonyezimira ngati golide inali K18,000. Yachitsulo, yolemererako, K70,000. Yachitatu inali yakale, galasi lokalikakalika, koma K250,000.

"Yakuthaithayi ndiye yodula?" anafunsa a Brighton.

"Achimwene, tcherani khutu." Anawagunditsa kukhutu imodziimodzi. "Yodulayi imaphonya masekondi ochepa patsiku. Yapakatiyi, theka la mphindi. Yagolide mwaikondayo, akudziwa ndi Mulungu."

Tinagula yagolide. Madzulo aliwonse a Brighton ankaivula n'kuisanjika pamwamba pa wailesi. Pasanathe mwezi inayamba kutsogola kwambiri. Iwo ankangoibweza nkhani za pa wailesi zikamayamba, n'kumati, "Ndi yachangu ngati mwini wake."

Lachinayi lina Sabina anayamba kutsokomola. Anali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Kusikelo alangizi a zaumoyo, a Shamim, anatiphunzitsa kuti mwana wa msinkhu umenewu akamapuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi imodzi, chingakhale chibayo, tisamadikire. Ndinamuvula malaya, ndinaika wotchi pamphasa, n'kuwerenga kukwera kwa kamimba kake. Ka 45. Ndinabwereza. Ka 46.

"Mwaona amake Sabina? Chimfine chabe," anatero a Brighton. "Inu ngakhale mwana atayetsemula mumafuna ambulansi."

Koma ine kapumidweko sikanandisangalatse.

Lachisanu chakumadzulo apongozi anga aamuna, a Pitala, anabwera kudzazonda mdzukulu, mvula ikuwaza. Pamkono anali ndi wotchi yawo imene anagula ku Joni ali mnyamata. Amati ndalama zake akanagula ng'ombe. Ndinagwada pakhomo.

"Bambo, mungandibwereke wotchiyo pang'ono?"

Ndinaika mawotchi awiriwo pamodzi, n'kuyang'ana timivi ta masekondi. Kathu kanamaliza kuzungulira ka apongozi kakanali ndi masekondi asanu ndi limodzi kuti kafike. Ndinayang'ananso kachiwiri. Chimodzimodzi. Mphindi yathu inali yaifupi. Masiku awiri onsewa ndinkasiya kuwerenga mphindi isanakwane.

Ndinawerenganso ndi ya apongozi. Ka 52.

"Nanga tidziwa bwanji kuti yolakwa si ya mdalayi?" anatero a Brighton. "Yakalamba imeneyo."

"Iwe, wotchi imeneyi ndi yaikulu kwa iwe," anayankha a Pitala, "ndipo sinandichedwetsepo ku Misa. Yakoyo ndi chibangili."

Ndinabereka mwana n'kupita kwa a Enock a kabaza kuti atiperekeze kuchipatala. Mvula inali itakula. Anati njinga yamoto singadutse matope amenewo, mwina mvulayo ikakata.

Nditabwerera, a Brighton anati, "Tione mawa masana. Mwina atsitsimuka."

"Iyayi."

Sindinawayankhepo choncho chikwatiranireni, moti anandiyang'ana kawiri. Ndinatenga buku la kuchipatala la Sabina n'kulikulunga m'jumbo pamodzi ndi matewera ndi chitenje chouma.

A Pitala anaipukusa wotchi yawo mpaka kulimba, n'kundipatsa. Lamba anali wamkulu, ndinachita kuboola bowo lina ndi msomali.

"Osaigoneka pafupi ndi chiwailesicho," anatero.

"Ndigona nayo pamkono, bambo. Ikakwana folo koloko ndinyamuka, kusanache. A Enock akakana, ndiyenda wapansi."