Mchere pa Msana wa Mwana wa Dona

Mai Jestina m'mawa wonse wa tsiku limenelo sanakhale pansi ngakhale pang'ono. Ndiwo ankakama ng'ombe pa purazi ina ya ku Matepatepa, ndipo mwa zonse ankakondetsa imodzi yofiira, yoyenda monyada, imene anaitcha Dona.

Pa purazipo lamulo linali lakuti ng'ombe ikabereka, tsiku lachiwiri mwana amuchotse, azimwera m'ndowa. Zinazo zinkalira masiku awiri n'kuiwala. Koma Dona ayi ndithu. Analira masiku khumi mpaka mawu kusasa, mkaka n'kuumana. Ukakama, timadontho basi.

Ndiye a Obadiya, foromani, anagamula kuti Lachisanu masana lole ya kubutchala ya ku Bindura idzamutenga.

"Mubwezereni mwana wake muone," anachonderera Mai Jestina Lachisanu m'mawa. "Kwa bambo anga ku Ntcheu mwana ankayamba ndiye kuyamwa, mkaka n'kutsika, kenako munthu n'kukama."

"Kuno si ku Ntcheu, Mai," anatero a Obadiya. Koma akuti mwini purazi anali atawanong'onezapo kale zoti ana a ng'ombe azikhala ndi amayi awo, ndiye anangokanda m'mutu. "Chabwino. Lole ikafika m'ndowa mulibe mkaka, Dona akukwera."

Mai Jestina anatuma alamu awo a Fainos, oyendetsa thirakitala, kuti akatenge kamwanako kukhola la ana. Anadikira. Anasuntha mpando wokamira, anaubwezanso. Anatsuka ndowa yotsuka kale. Kuyang'ana kumsewu, fumbi kulibe. Kuyang'ana kukhola la ana, munthu kulibe.

Kenako a Fainos anatulukira akumwetulira mano onse pamtunda, kamwana kali mbee, konyowa, kakununkha mankhwala a dibi ndi sopo wochapira.

"Alamu, mwakatani?"

"Ndakasambitsa. Kakaonekere kwa foromani kali ndi ndowe m'matako? Ine ndine munthu waukhondo, mufunse akazi anga."

"Akazi anu ndiwafunse chiyani, kolala yanu yakudayo ndikuiona ndekha! Ng'ombe imadziwa mwana wake ndi fungo, inu!"

Zoonadi. Kamwana kanathamangira kubere, Dona anakanunkhiza kamodzi, anafwenthera, n'kukaponda chidyali. Kanagwera uko. Kanadzuka, kanayesanso, Dona anakaloza ndi nyanga.

Mai Jestina anaika ndowa pansi. Anaima, anayenda, anaimanso. Kenako anakumbukira zimene bambo awo ankachita ng'ombe ikakana mwana. Mchere!

Analiyatsa liwiro kupita kukomboni, chitenje chili m'manja. Kwawo m'chitini munali mbee, unatha dzulo lake. Anayamba khomo ndi khomo, ndipotu pa komboni simupempha chinthu osafotokoza. Mai Zakeyo, oyandikana nawo nyumba, anafuna adziwe kaye ngati n'zoona kuti Dona analodzedwa ndi mkazi wamng'ono wa foromani. Wina anati mchere wamasana sapereka, umachotsa mwayi. Wina anapereka kadzanja kamodzi, koma mpaka lero akusimbabe. Mai Jestina ankangoti, "Ndidzakuuzani madzulo, amwali, thirani apa," khutu lili kumsewu.

Pobwerera anaona fumbi kumapeto kwa munda wa fodya.

Anafika kukhola ali wefuwefu. Anathira mchere m'ndowa, anakama timadontho tija ta Dona, anatapa ndowe zake zatsopano pang'ono, n'kusakaniza ndi dzanja.

"Gwirani mutu, alamu. Mwasambitsa nokha, mudetsanso nokha."

"Malaya anga a tchalitchi awa!"

"Mulungu aona mtima. Gwirani!"

Anakapaka kamwana msana wonse, m'khosi, mpaka kumchira. Kugeti hutala inalira. A Obadiya anabwera ndi dalaivala wa lole, dalaivalayo ali ndi chingwe paphewa.

"Nthawi yakwana, Mai."

"Dikirani pang'ono, bambo. Pang'ono pokha."

Dona anatembenuza mutu. Ananunkhiza. Anatulutsa lilime, ananyambita kamodzi, n'kuima ngati akuganiza. Mai Jestina anadziluma chala. Dona ananyambitanso, kenako osalekanso, msana, makutu, kumaso, kamwana kakudzandira ndi mphamvu ya lilime. Mchere unatha koma iye ankanyambitabe, akulira chapansipansi, kulira kwina kumene sanalirepo masiku onse aja. Kamwana kanalowa pansi, kanagunda bere ndi mutu, thovu n'kuyamba kutuluka m'mbali mwa kamwa.

Mai Jestina anakhala pampando. Anakama mawere atatu, lachinayi anasiyira mwini wake. Ndowa inayamba kuyankha, tsoo, tsoo.

A Obadiya anasuzumira. "Theka lokha ili."

"Theka linalo lili m'mimba mwa ng'ombe yanu ya mawa. Silinatayike."

Dalaivala anayang'ana wotchi. "Nanga ine ndibwerere chimanjamanja, mtunda wonsewu?"

A Obadiya anayang'ana ndowa, anayang'ananso kamwana. Kenako anachotsa chingwe paphewa la dalaivala n'kuchiponya m'lole.

"Bwererani. Koma Mai, ndikupatsani sabata imodzi. Mkaka ukatsika, Lachisanu ndimuitananso."

Mai Jestina anapitiriza kukama. Mumtima anali atayamba kale kuwerenga masiku, ndiponso ana ena asanu ndi mmodzi amene ankalirira amayi awo kukhola lija.