Tepi Yoyambira pa Teni

Sabata yonse ndinkangokalipa. Mwana wanga womaliza, yemwe timamutcha Kabatani, ankabwera kuchokera kusukulu kope litadzaza mitanda yofiira. Anayamba masamu ogawa, ndipo aphunzitsi anauza ana a m'kalasi mwake kuti aziwerenga modumpha: pogawa 30 ndi 5, uzidumpha zisanuzisanu mpaka ufike pa 30, kenako uwerenge kuti wadumpha kangati. Chovuta n'chiyani pamenepo? Ngakhale chule angathe. Koma wanga ankalemba 4.

Ine ndine telala, ndipo sabata imeneyo ndinali ndi madiresi a kwaya khumi ndi awiri, eni ake akubwera kawiri patsiku kudzandipumira m'khosi. Nthawi yokhala naye pansi ndinalibe. Lolemba, tsiku limene anayamba masamuwo, ndinangomuponyera tepi yanga yoyezera. "Manambala ali pamenepo, dumpha."

Lachiwiri mitanda. Lachitatu mitanda. Lachinayi mtima unandipsa, ndinamuuza kuti mutu wakewo ndi wongonyamulira tsitsi.

Lachisanu m'mawa anakana kuvala yunifolomu. Analowa kunsi kwa tebulo lodulira nsalu, mawondo pachibwano.

"Kusukulu sindipitanso, amayi. Ndine mbuli."

"Wakuuza zimenezo ndani?"

Anangondiyang'ana.

Ndinaimitsa makina uku ndikunyinyirika kuti ntchito yanga yaima chifukwa cha masamu a khanda. "Tuluka m'menemo undionetse mmene umachitira. Fulumira."

Anayala tepi pansi, n'kuika chala kumayambiriro kwake. "Fifitini, kamodzi. Twente, kawiri. Twente-faifi, katatu. Sate, kanayi."

"Nanga faifi ndi teni wawasiyira ndani?"

"Kulibe, amayi. Tepi imayambira apa."

Ndinasowa poyang'ana. Tepi imeneyo ndinaidula ndekha mwangozi ndi sizasi chaka chatha ndikuthamangira diresi la ukwati, ndipo kuyambira pamenepo imayambira pa 10. Ine ndinazolowera, khumiwo ndimachotsera m'mutu osazindikira n'komwe. Kugula ina ndimangoti mawa, mawa. Mwanayo anailoweza tepiyo mmene ilili, moti ngakhale m'kalasi ankayambira pa teni, mokhulupirika, monga anamuonetsera mayi ake.

Ndinatenga choko cholembera nsalu, ndinagwada, n'kulemba manambala pasimenti kuyambira pa ziro. Anadumpha ndi chala. Kasanu ndi kamodzi. Ndinamupatsa 20 kuti agawe ndi 5, anapeza 4. Ndinamupatsa 45, anapeza 9, osakayika ngakhale pang'ono.

Ndinkayembekeza kuti aseka, kapena andinena, ndipo ndinali wokonzeka kumeza. Iye anangovala yunifolomu, namanga nsapato, nanyamula chikwama. Ndinkafuna kupepesa, koma pakamwa panga panazolowera kukalipa.

Atafika pakhomo anatembenuka.

"Musadandaule, amayi. Kusukulu sindikanena kuti ndi tepi yanu. Angakusekeni."

Ndinabwerera pamakina ndili ndi manyazi osaneneka. Ulusi ndinauyesa kanayi, koma unakana kulowa pasingano.