Wotunga Madzi ku Manda a Kilvarra

Ku Kilvarra, m'boma la Clare, aliyense ankadziwa kuti woikidwa m'manda pomaliza ndiye amatungira madzi akufa anzake onse, mpaka wina adzabwere kudzamulandira. Ansembe ankakalipira zimenezi chaka ndi chaka. Anthu ankangovomera ndi mutu, za mumtima zili zomwezo.

Tsiku loika Malachy Hehir, mkazi wake Gobnait ankayenda kumbuyo kwa bokosi mtima uli m'mwamba. Zinali zitamveka kuti maliro ena akutsika kuchokera kuphiri, kulinga ku manda omwewo a pa tchalitchi chogumuka. Malachy anathyoka chiuno ali mnyamata, atagwa pa khoma la linga lakale, ndipo moyo wake wonse ankatsimphina. Munthu wotere akasenze zidebe? Mudziwo ndi waung'ono, maliro ena mwina adzachitika dzinja linalo.

"Alamu, ponyani mwendo," Gobnait anauza Thady, mng'ono wa malemuwo, amene anasenza kutsogolo. "Mukuyenda ngati mukupita kokaulula machimo."

"Akuluwa ngolemera, alamu. Mbatatesi zonse munkawadyetsa zija zili paphewa langa pano."

Onyamulawo anaseka pang'ono, kenaka anayamba kuthamanga nalo bokosi mumvula. Sanaime ngakhale pamphambano, pomwe anthu amatula maliro n'kupemphera. Zochititsa manyazi ndithu, koma Gobnait analibe nazo ntchito. Pachipata cha manda anafika ndi iwo oyamba.

Pamenepo m'pamene Gobnait anacheuka. A kuphiri aja anali anthu ochepa, ndipo sankathamanga n'komwe. Kutsogolo kunali Cormac Talty, woweta nkhosa, atafungatira kabokosi koyera yekha m'manja. Gobnait ankamudziwa mwanayo. Anali Sorcha, mwana wa Cormac, kamtsikana kamene kanali kasanayambe n'sukulu yomwe, kamene pa Misa kankangogona pamiyendo ya amayi ake.

"Tapambana, alamu," anatero Thady akupuma wefuwefu. "Tiyeni tilowe."

"Tulani pansi."

"Mwati chiyani? Chithamangire chonse chija? Nanga chiuno cha akuluwa?"

"Ndati tulani, Thady."

Anatula bokosilo pa udzu wonyowa pambali pa njira, navula zipewa. Cormac atafika anaima, osamvetsa. Anayang'ana chipata chotsegula, anayang'ana Gobnait. Gobnait anamukodola kuti adutse. Chisoni chinali chitamugwira Gobnait: chisoni cha mwanayo, ndiponso cha mwamuna wake amene amamusiyira ntchito yomwe iye anayesetsa kumuthawitsa.

A kuphiri atalowa onse, Gobnait anagwada m'matope n'kusanjika dzanja pa bokosi.

"Pepani bambo," ananong'ona akulira. "Kamwana kaja sikangathe kusenza chidebe."