Bulangete la Apongozi pa Waya wa Chrispin

Chrispin atachotsedwa ntchito pa kafe ya intaneti ku Chitawira, anzake onse anamuuza chimodzi: kwera basi ya ku Joni. Iye anayang'ana mkazi wake Ethel, mimba ili uko, n'kunena kuti ayi, ndiyeseko kaye kanzeru kamodzi.

Kanzeru kake kanali koti azioda intaneti ku kampani ina ya m'tauni, monga amayi aodera tomato ku Limbe, n'kumagulitsa pamulu pamulu kwa anthu a ku Manje. Anaimika chipaipi chachitali kuseri kwa nyumba, pamwamba n'kumangapo kambale koyera koloza nsanja ya kampaniyo. Komatu kambaleko n'konyada! Kamafuna kuyang'anana ndi nsanja maso ndi maso. Kakangopendekeka pang'ono, basi katseka pakamwa. Ndiye Chrispin anachikoka chipaipicho ndi mawaya atatu kuti chisagwedezeke.

Anthu anabwera ndithu. Aphunzitsi, atsikana ophunzira unamwino, mpaka a Nedson okonza mawailesi, onse kumagula timapepala ta manambala olowera pa intaneti. Koma Loweruka lililonse m'mawa, tsiku loti aliyense ali panyumba, intaneti inkangoti zii mpaka masana.

"Achimwene, intaneti yanuyi ndi ya mpingo wa Sabata kodi?" anafunsa a Nedson. "Loweruka likubwerali ikapumulanso, tonse tikusiyani. Sitikuseka ayi."

Chrispin anaseka ndi mano okha. Akamusiya anthuwa, chotsala ndi basi ija, ndipo mwana adzabadwa bambo ali kutali.

Chovuta sichinali kusadziwa. Anali atamuona kale wopha intaneti. Anali apongozi ake, mayi Petronela, eni pulotiyo. Loweruka ankachapa chibulangete chaubweya chomwe anawatumizira mwana wawo Venansio wa ku Joni, cholemera ngati mbuzi yonyowa, n'kuchikoleka pa waya wa chipaipi. Chipaipi n'kuwerama, kambale n'kumayang'ana ku Chinyonga.

Nanga mkamwini angaime pamaso pa apongozi n'kuti chotsani? Munthu woti ngakhale moni amapereka atanjuta chapatali, maso ali pansi?

"Kawauze ndiwe," anapempha Ethel.

"Ine? Waya ameneyu amutama mpaka ku mphakati, eti mkamwini wanga wandimangira chingwe chosachita dzimbiri. Mukufuna ndikawachotse ulemu pakamwa?"

Chrispin anamanga chingwe china chatsopano padzuwa penipeni. Mayi Petronela anathokoza kwambiri kudzera mwa Ethel, n'kuyanikapo mipango ndi masokosi. Bulangete linabwerera pa waya wolimba uja. Ati chabwino sitisiya.

Lachisanu Chrispin anatumiza uthenga kwa mlamu wake Venansio. Loweruka m'mawa, bulangete likadali m'bafa, foni ya Ethel inalira, ndipo nkhope ya Venansio inadzaza galasi lonse. Chrispin anakhala pa njerwa poteropo, akunamizira kusenda waya.

"Iwe! Wanenepa chonchi ukudya chiyani?" anakuwa mayi Petronela, foni ataigwira ndi manja awiri. Zinali zaka zinayi asanamuone.

"Chezani mayi, ndikuyanikireni," anatero Ethel, n'kuponya bulangete pa waya.

M'galasi muja Venansio anauma, kukamwa kuli yasa, diso limodzi lotsinzina.

"Mayo ine! Mwana wanga wagwidwa ndi chiyani?"

Ethel anakoka bulangete. Chipaipi chinawongoka, ndipo posakhalitsa Venansio anabwereranso akuseka. Mayi aja anayang'ana foni, anayang'ana waya, anakweza maso mpaka pa kambale.

"Tabwezera." Ethel anabwezera, Venansio gwa. "Tachotsa." Venansio n'kutsitsimuka.

Chrispin anasiya kusenda waya ndi mantha, poti ena akachita manyazi amakuuza kuti zula chipaipi chako pamalo panga. Kenaka mayi Petronela anatembenukira kukhoma, monga mwa mwambo, n'kuyankhula mokweza.

"Ethel, uwauze bambo a kunyumbaku kuti pakamwa anapatsidwa ndi Mulungu, asamadikire bulangete liwayankhulire. Uwauzenso kuti mwana mmodzi ndikumuonera m'galasi, zakwana. Wachiwiri wopita ku Joni ayi."

Chrispin anawomba m'manja pang'onopang'ono, maso atadzaza misozi.

A Nedson atadutsa cha m'ma teni, anapeza intaneti ikuthamanga, mayi Petronela atakhala pampando pansi pa chipaipi ndi kandodo, akuthamangitsa mpheta yomwe inkafuna kutera pa waya.