Mayeso Asanu ndi Atatu pa Kompyuta Yokalamba

"Afiiranso," anatero Mbololwa, akuyang'ana kompyuta yomwe inkalira ngati chigayo.

Unali mwezi wake womaliza woyesedwa ntchito pa kakampani ka a Sikota, kuseri kwa msika wa Maramba. Ankalemba pulogalamu yogulitsira matikiti a basi yotenga alendo kupita ku Mukuni. Pulogalamuyo isanapite kwa eni basi, inkayenera kudutsa mayeso: akabiriwira ndiye kuti zili bwino, akafiira pali cholakwika.

Tsono a Sikota anatengera kwa mnzawo wa ku Lusaka kachitidwe koyendetsa mayeso asanu ndi atatu nthawi imodzi. Mnzawoyo anali ndi chikompyuta champhamvu. Yawoyi, kalanga ine, inali ndi mapulosesa, timaubongo ta kompyuta, awiri okha. Mayeso ankalimbirana mapulosesawo, ena nthawi n'kuwathera asanamalize, n'kufiira popanda chifukwa. Lero awa, mawa ena.

"Ba Sikota, tiziyendetsa awiriawiri," anapempha Mbololwa. "Ni maminiti fote chabe."

"Fote? Mufuna tikalambire pano? Bwerezani mpaka abiriwire. Kufiira kwa iyi kompyuta ni bodza."

Mbololwa anayambanso kuyendetsa mayesowo. Ntchitoyi ankaifuna, ndipo amayi ake ku Malota anali atauza kale mpingo wonse kuti mwana wawo walembedwa. Anabwereza kanayi. Kachisanu onse anabiriwira kupatula amodzi, owerenga mipando.

"Nawonso ni abodza," anatero a Sikota. "Tumizani."

Anatumiza.

Lachisanu m'mawa eni basi anaimba foni akulalata. Basi inali ya mipando khumi ndi inayi, koma alendo makumi awiri anali ataima padzuwa, aliyense tikiti ili m'manja. Pulogalamuyo sankaifunanso.

A Sikota sanakalipe n'komwe. "Lolemba musabwere," anatero, maso ali pa foni.

Mbololwa zinamuwawa mpaka m'mafupa. Analongedza zake, koma asanatuluke anayendetsa mayeso aja awiriawiri. Anakhala maminiti fote onse, chikwama chili pamiyendo. Kompyuta inkagwira ntchito mwakachetechete. Mayeso anabiriwira motsatizana, ndipo pamapeto panatsala ofiira amodzi okha, a mipando aja. Iwo sankanama.

"Ba Sikota, onani."

Sanacheuke. "Muzimitse pochoka," anatero. "Imatha magetsi."